Lenzi Yaing'ono ndi Nsapato za Asibweni

Mpaka lero Anyamanda, akazi a amalume anga, ndikawapatsa moni sayankha msanga. Amayamba andiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako amayang'ana mawondo a amuna awo, ndiye pambuyo pake n'kumati, "Tili bwino, kaya a wojambula." Ine sindiwaimba mlandu. Mawondo amenewo anayenera kupuma chaka chatha, koma sanapume, ndipo amene anachititsa ndi ine pamodzi ndi kachipangizo kena kakang'ono ngati kapu ya tiyi.

Amalume angawo, amene kwathu kuno timawatcha asibweni, ndi Kingi wa malipenga m'mudzi mwathu, chakufupi ndi Bandawe. (Kwa inu amene simunafikeko kuno: gulu la ovina malipenga timalitcha boma, ndipo limakhala ndi Kingi wake, Kaputeni wake, ngakhalenso Dokotala wake.) Anayamba kuvina ine ndisanabadwe. Koma zaka zapitazi mawondo anayamba kuwakana. Akavina Loweruka, kutchalitchi Lamulungu ankapita akukoka mwendo, ndipo Anyamanda ankatha sabata yonse akuwathowa ndi madzi otentha uku akuwalalikira. Atawanyengerera kwa nthawi yaitali, asibweni anavomera. Anati avinanso kamodzi kokha, tsiku limene boma la ku Mpamba lidzabwere kudzapikisana ndi lathu, kenako ndodo ya Ukingi apereke kwa wina.

Koma anaikapo lamulo limodzi, ndipo lamulolo linagwera ine. Anandiitanitsa, ndinapita, ndinakhala pansi pakhonde.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, akuti kuloji kwanuko umagwira kamera?"

"Pang'ono, asibweni."

"Sindikunena ya pafoni ayi. Za pafoni ndinatopa nazo. Zonse zimene anandijambula mwana wa Ada Longwe zili pansi pa nyanja pamodzi ndi foni yake, zikuonedwa ndi nsomba. Ine ndikufuna chithunzi chenicheni, cha m'felemu, chopachika pakhoma. Ndioneke yense, kuyambira nthenga ya pachipewa mpaka nsapato. Chimenecho chikapachikidwa m'nyumba muno, ndasiya."

Anyamanda anasuzumira pakhomo. "Wamva, eti? Chikatuluka chimenecho, asiya. Usandikhumudwitse."

"Yewu, Ama," ndinayankha, monga timathokozera kwathu kuno.

Ine ndimagwira ntchito pa loji ina ku Kande. Ntchito yanga ndi kuyala mabedi ndi kusesa mchenga umene alendo amalowa nawo m'zipinda. Kamera imene asibweni ankanena ndi ya Mayi Nkhoma, amanijala athu ochokera ku Dedza. Ndi yakuda, yolemera, ya mtundu uja umene diso lake lakutsogolo, limene amati lenzi, limatheka kulichotsa n'kuikapo lina. Kugwira kwanga kamerayo kunali kotere: alendo akafuna kujambulidwa pamodzi ndi Madamu, Madamu ankakonza zonse, n'kundipatsa kuti ndidine batani. Basi. Koma mbiri ikamayenda kuchoka ku Kande kupita ku Bandawe imanenepa m'njira.

Kupempha kunandivuta. Ndinazungulira ofesi yawo ndi tsache kwa masiku angapo, mpaka tsiku lina Madamu anatuluka n'kunena kuti, "Iwe, pakhomo pangapa wasesa mpaka pakumbika. Ukufuna chiyani?" Nditafotokoza, anavomera mosavuta, moti ndinachita manyazi ndi kusesa konse kuja.

Loweruka la gulelo m'mawa anandiitanira mu ofesi. Patebulo anali atayalapo malenzi atatu. Yoyamba inali yaitali ngati mkono wanga, yonenepa, yochititsa mantha. Yachiwiri inali yapakatikati, yosadzionetsera. Yachitatu inali yaifupi, yokhala ndi galasi lotundumuka ngati diso la chule.

"Utenge imodzi yokha," anatero Madamu. "Ku malipenga kumakhala fumbi, ndipo sindifuna uzikatsegula kamera yanga m'fumbi. Sankha."

Apa ndiyenera kukuuzani za mayi anga. Kwathu mbale ya nsomba ikaikidwa pamaso pa alendo, dzanja lako n'kulowera kumene kuli nsomba yaikulu, mayi sankayankhula kanthu. Ankapitiriza kumwetulira kwa alendo, uku kunsi akukutsina pantchafu. Ndinakula ndi ntchafu yodziwa mwambo. Choncho munthu wamkulu atandiyalira zinthu zitatu n'kunena kuti sankha, mutu sunafunsidwe n'komwe. Ntchafu inayankha yokha, dzanja linapita pa yaing'ono.

Madamu anakweza zikope. "Imeneyo? Ntchito yake ukuidziwa?"

Nthawi yomweyo panja panalira hutala ya galimoto ya alendo.

"Eya, Madamu," ndinatero. (Mawu akuti "ayi" ndimawadziwa bwino, kusukulu ndinkawalemba osalakwitsa, koma pamaso pa munthu wamkulu satuluka.)

"Chabwino. Ndiye kuti ukufuna bwalo lonse. Uli ndi mutu wa wojambula iwe." Anailumikiza ku kamera, inalira kuti kete, anazunguliza kabatani kena mpaka pa chizindikiro chobiriwira, anandikoleka lamba m'khosi, n'kuthamangira alendo awo.

Ndinakaima pamsewu kudikira minibasi. Dzuwa linali litakwera pang'ono, kunja kuli mbee. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti pasakhale wondiona, ndinakweza kamera, n'kuika diso pa kazenera kake.

Abale anga, sindikudziwa kuti ndifotokoze bwanji. Dziko lonse linalowamo. Msewu wopita ku Chintheche unali momwemo, wopita ku Dwangwa unalinso momwemo, ngakhale kuti wina uli kumanja wina kumanzere. Minda ya chinangwa, mitengo ya mango, mayi wogulitsa nthochi, mbuzi yake, mitambo yonse ya kumwamba, ndipo m'munsi mwenimweni zala za kumapazi kwanga. Nditatembenukira kunyanja n'kupendeketsa kamera pang'ono, mzere uja umene madzi amakumana ndi thambo unapindika ngati m'mphepete mwa lichero. Aphunzitsi athu a ku pulayimale ankatiuza kuti dziko ndi lozungulira, ife n'kumavomera poopa ndodo. Tsiku limenelo ndinaliona ndekha likupindika. Ndinachotsa diso, dziko linabwerera mwakale. Ndinaikanso diso, linapindikanso. Minibasi ina inaima, kondakitala anakuwa mpaka kutopa, inapita, ine ndili chilili kupinda ndi kuongola dziko.

Mumtima ndinati, ngati yaing'ono ikuchita zotere, nanga yaikulu ija? Ndinathokoza mayi anga pondilera bwino.

Nditafika kumudzi, bwalo linali litadzaza kale. Amene simunaonepo malipenga a kwathu, musaganize za gule wodumphadumpha. Awa ndi amuna akuluakulu ovala zoyera mbuu, makabudula osita ndi simbi yamakala mpaka mzere wake ungathe kudula tomato, masokosi ofika m'mawondo, mataye, zipewa za nthenga. Zikho zimene amaimbira zimalira ngati njuchi zadzaza m'phanga, ndipo ng'oma yaikulu ikagunda umaimva m'chifuwa usanaimve m'khutu. Amayenda pang'onopang'ono, modzilemekeza, phazi lililonse amaliika pansi ngati akuliikira umboni. M'bwalo simulowa munthu wosavala yunifomu, kupatula amayi amene amathamangiramo kukapukuta thukuta ovina awo ndi kampango, n'kutulukamo msanga. Ndipo Dokotala wa boma lathu, Ada Mhone, amene masiku ena onse amakhoma mabwato, amayendera mizere atavala khoti loyera ndi kapaipi komvera mtima m'khosi, kuyang'ana zikhadabo, makolala ndi masokosi. Akakupeza ndi kadontho ka litsiro, watuluka.

Kutsogolo kwa onsewo kunali asibweni. Ndinawazolowera atavala malaya ong'ambika akusoka ukonde, koma tsiku limenelo anali munthu wina. Nthenga yawo inali yaitali kuposa za onse. Nsapato zawo zakuda, zimene bambo awo anabwera nazo kuchokera ku Joni kalekale, zinkawala moti dzuwa linkadziyang'aniramo. Ndinaiwala kaye kuti ndabwera pa ntchito.

Anyamanda anandigwedeza ndi chigongono. "Jambulatu!"

Ndinaima m'mphepete mwa bwalo, pamene munthu waulemu amayenera kuima, n'kuika diso pa kamera. Zonse zinalowamo: boma lathu, boma la ku Mpamba, anthu onse, denga la sukulu, ngakhale ana amene anakwera mumtengo. Koma asibweni sindinawapeze. Nditafufuza bwino ndinawaona pakati penipeni, ang'onoang'ono ngati nyerere yovala zoyera.

Ndinasendera mpaka pamzere umene anyamata a ndodo amaletsera anthu. Nyerere ija inakula pang'ono n'kukhala chiswe. Ndinakumbukira kuti Madamu amapotokola lenzi, munthu n'kuyandikira yekha. Ndinapotokola. Chiswe chija chinabwerera kukhala nyerere. Ndinapotokolera kwina, chinakhalanso chiswe, ndipo lenzi inakana kupitirira pamenepo.

"Watha?" anafunsa Anyamanda.

"Ali kutali, Ama."

"Kutali kuti? Si awo ali apowa? Ndikaponya chitsononkho chiwagunda."

"Mukamera muno ali kutali."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula m'malilime. "Ndiye lowa! Lero ndi lomaliza, palibenso mawa. Lowa, ndikuyankhira ine." Ndipo anandikankha pamsana. Anyamata a ndodo, poona kamera yaikulu chotero, anaganiza kuti ndatumidwa ndi akuluakulu ena, n'kundipatsa njira.

Ndinalowa m'bwalo la malipenga nditavala malaya a kuloji ndi masilipasi. Ndinawerama, monga mmene munthu amadutsira pamaso pa akuluakulu, ndipo diso sindinalichotse pa kamera chifukwa ndinkaopa kukumana ndi maso a anthu. Ndinayenda chowerama. Asibweni anakula kufika pa chiwala. Ndinayendabe. Anakula kufika pa mwana wa sukulu ataima kutsidya kwa msewu. Ndinamva anthu ayamba kung'ung'udza, koma mukamera munali mtendere, aliyense anali kutali ndi ine, ndipo palibe amene akanandigwira.

Kenako ndinaganiza kuti si bwino kuimirira pamaso pa Kingi, amenenso ndi mlongo wa mayi anga. Ndinagwada. Nditagwada, ndinayenda ndi mawondo pang'ono. Tsopano zinayamba kuoneka: nthenga m'mwamba, nsapato m'munsi, asibweni akubwera mwaulemerero, akadali patali ndithu koma athunthu. Mtima unagunda pamodzi ndi ng'oma. Ndinadina.

Chinthu china chinandigogoda pamutu.

Ndinachotsa diso pa kamera. Bondo la asibweni linali pamphuno panga. Ndinkatha kuwerenga ulusi wa sokosi yawo, ndinkamva fungo la polishi. Chimene chinandigogoda chinali ndodo ya Ukingi. Ndipo kumbuyo kwawo mzere wonse wa boma unali utafika, amuna akuluakulu akupondaponda pamalo amodzi, chifukwa Kingi akaima palibe womupitirira, ndipo Kingi anaima chifukwa kutsogolo kwake kunagwada mwana wa mlongo wake.

Nkhope ya asibweni inali ikumwetulirabe kwa anthu. Milomo yokha ndiyo inasuntha pang'ono.

"Choka."

"Yewu, asibweni," ndinatero, ndipo sindikudziwa chimene ndinkathokoza.

"Choka, iwe!"

Ndinayamba kubwerera chammbuyo ndi mawondo, poopa kuwapatsa msana. Sindinadziwe kuti oimba ng'oma anali atazungulira mbali imeneyo. Ndinakagunda miyendo ya wonyamula ng'oma yaikulu, iye anadzandira, ndipo ng'oma imene siphonya inaphonya. Panali kachetechete kakafupi, kokwanira kuti ndimve munthu wina wa ku Mpamba akufunsa mokweza kuti, "Kodi sitepe imeneyi ndi yatsopano? Tiphunzitseni!"

Amene anapulumutsa boma lathu ndi Ada Mhone. Anabwera osathamanga, akuponda motsatira nyimbo, anawerama, n'kuika kapaipi kawo pachifuwa panga. Anamvetsera. Anapukusa mutu. Anayang'ana mawondo anga ofiira ndi fumbi, anayang'ana masilipasi, n'kutembenukira kwa anthu.

"Wodwala uyu! Matenda aakulu!"

Anyamata awiri a yunifomu anandinyamula, wina m'khwapa wina kumiyendo, ndipo ananditulutsa akuvina. Ng'oma inabwerera mwamphamvu, amayi anayamba nthungululu, anthu ambiri anaganiza kuti zonse zinali zokonzedwa. Ine ndinangokumbatira kamera ya Madamu pachifuwa, chala chili pabatani, iyo ikungolira kuti tche tche tche, kujambula thambo ndi zibwano za ondinyamula.

Koma ndili m'malere choncho, mutu uli chozondoka, ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Asibweni, pofuna kufufuta manyazi amene ndinawapaka, anachita sitepe imene anali atasiya kalekale. Anatsika pang'onopang'ono, msana uli chilili, mpaka kabudula anatsala pang'ono kukhudza zidendene, anazungulira ali pansi pomwepo, nthenga osagwedezeka, n'kukweranso ngati utsi. Bwalo lonse linaphulika. A ku Mpamba omwe anavula zipewa. Chimenecho sindinajambule. Ndinachiona ndi maso anga okha, chozondoka.

Lolemba Madamu anaika zithunzi pakompyuta. Anaseka mpaka anavula magalasi n'kugoneka mutu patebulo.

"Mwana iwe, lenzi iyi ndi ya zipinda! Ndi imene ndimajambulira zipinda zathu kuti tiike pa intaneti. Imakankhira zinthu kutali kuti zonse zikwane, ndipo chimene chili pafupi imachikulitsa."

Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake alendo ena, ndikawatsegulira kachipinda kathu kakumapeto kaja, amaima pakhomo n'kundifunsa kuti chipinda chachikulu chimene anaona chili kuti.

Madamu anandionetsa bwinobwino. Yaitali ija ndi ya mbalame ndi zinthu zakutali; imakoka nkhwazi ili pamtengo kutsidya mpaka uone diso lake, koma munthu ali pafupi umangopeza khutu. Ya anthu ndi yapakati ija, yosadzionetsera, imene imaona monga mmene diso la munthu limaonera.

"Nanga unasankhiranji iyi?"

"Inali yaing'ono, Madamu."

Anavalanso magalasi. "Ndiye kuti ndikanayala chikwanje ndi singano n'kukutuma kukadula mtengo, ukanatenga singano?"

Yankho tonse tinkalidziwa.

Pa zithunzi zonsezo, chimene asibweni ankaoneka kuti ndi munthu chinali chimodzi, chija ndinajambula nditagwada. Madamu anakachitsukitsa ku Mzuzu n'kuchiika m'felemu. Anati n'chokongola, ndipo m'njira yake chinalidi chokongola. Ndinachikulunga m'nsalu n'kupita nacho.

Asibweni anachilandira ndi manja awiri. Anyamanda anaima kumbuyo kwawo. Pachithunzipo, m'munsi monse munali nsapato ziwiri zazikulu ngati mabwato, zowala, chingwe chilichonse chikuoneka. Pamwamba pake panali masokosi ngati mizati ya tchalitchi. Kuchoka apo munthu ankapita akuchepa, akuchepa, mpaka kumwamba kwenikweni, pafupi ndi mitambo, kumene kunali kamutu ngati nsawawa ndi kanthenga kake. M'mbali monse munali mudzi wonse utapindika, ndipo pakona, atatambasuka m'lifupi ngati chitseko, panali Anyamanda, pakamwa pali pululu.

"Ameneyo ndani?" anafunsa Anyamanda.



Asibweni analoza ndi chala. "Mutu wanga ndi uwu?"

"Eya, asibweni."

"Nsapato ndi izi?"

"Eya, asibweni."

"Hmm." Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa. "Nsapato wazigwira. Bambo anga akanaziona akanasangalala. Polishi yense akuoneka."

"Ndiye basi," anatero Anyamanda mofulumira. "Nthenga ilipo, nsapato zilipo. Munati kuyambira nthenga mpaka nsapato. Ndikatenge msomali?"

"Ndinati ndioneke ine," anatero asibweni modekha. "Apa zaoneka ndi nsapato. Adzukulu anga adzati agogo awo anali ndani, nsapato? Ayi. Chithunzi sichinatuluke." Anachitsamiritsa kukhoma mosamala, n'kusisita bondo. "Ndiye kuti ndodo ndisunga kaye. Tidzayesanso chaka chamawa."

Sindinayerekeze kuyang'ana Anyamanda. Ndinangomva mpweya wawo pakhosi panga. Koma asibweni ndinawaona, ndipo ndikulumbira kuti pakona pa mlomo wawo panali kanthu kena kamene sikanali chisoni.

Chaka chamawa chija ndi chino. Zikho zayamba kale kulira madzulo kuseri kwa sukulu, ndipo Anyamanda ayambanso kutereka madzi a mawondo. Ine ndaphunzira. Madamu akhala akundiphunzitsa, ndipo tsopano ndikudziwa popanda kukayika kuti yofunika ndi yapakati. Ndinakonzeka kukawauza asibweni zimenezi, ndinayeseza mawu ake m'njira yonse.

Nditangokhala pansi, iwo anayamba ndiwo.

"Ndafufuza," anatero. "Akuti pa malenzi aja pali ina yaitali ngati mkono. Iwe unalakwitsa potenga yaing'ono. Kingi sajambulidwa ndi kanthu kakang'ono. Ulendo uno utenge yaikuluyo."

Ndinadziwa kuti ndi yaikuluyo ndidzabwera ndi khutu lokha, mwina ndi theka la nthenga. Ndikukhulupirira kuti nawonso ankadziwa, chifukwa amene anawauza za kutalika kwake sakanalephera kuwauza ntchito yake. Anyamanda anali pakhomo, ketulo ili m'manja, akundiyang'ana. Ndinatsegula pakamwa, mawu aja ndinayeseza ali okonzeka pa lilime.

"Eya, asibweni," ndinatero.